Mawu a M'mphepete mwa Kope

Mvula ya ku Suva, likulu la dziko la Fiji, sigogoda pakhomo. Inamupeza Ulamila pa siteji ya basi atagwira pepala la mayeso, ndipo sanalibise n'komwe. Pamwamba pake panali 19 wofiira, wozunguliridwa kawiri ngati kuti kamodzi sikakanakwana.

Phunzirolo linali Kemisitiri ya chaka chachiwiri. Pa koleji pathu panalibe wolitchula dzina lake lenileni, tonse tinkangoti Manda. Mpaka lero tikakumana amene tinadutsamo, ena ndi madokotala, ena anatuluka mimba m'maofesi, wina akangoti "Manda" timaseka kuseka kwa anthu opulumuka ngozi. Tinkalowa anthu mazana awiri, otuluka amoyo osakwana theka.

Ulamila anali atagwamo kale chaka chapitacho. Uwu unali ulendo wachiwiri, ndipo amene ankamulipirira sukulu sankapita m'mbali: ukalephera kawiri, longedza, kwera sitima. Kwawo kunali pachilumba cha Kadavu, kumene mudzi wonse unamuperekeza padoko ndi nyimbo kuti akaphunzire za mankhwala. Akabwererako bwanji chimanjamanja?

"Manda amenewo, eti?"

Anacheuka. Anali mnyamata wamtali, wa malaya oyera ndi sulu yakuda yosita bwino, nsalu imene amuna kuno amavala m'chiuno. Ambulera yake sanafunditse Ulamila ayi, anafunditsa pepalalo.

"Lisafe kawiri, achemwali," anatero.

Ulamila anaseka misozi ili m'maso. Mnyamatayo anati dzina lake ndi Kitione, wa chaka chomaliza, ndipo Manda anawadutsa kalekale popanda kukhetsa thukuta. Basi itabwera anakhala mpando umodzi, matenti otchinga mazenera opanda magalasi akuwawaza madzi, ndipo pofika kumsika anali atapatsana kale manambala.

Mawa lake Kitione anabwera ndi kope lobiriwira, lonenepa ngati mtsamiro. Ulamila analizindikira nthawi yomweyo, chifukwa aliyense ankadziwa za makope amenewa. Wokhoza Manda sataya kope lake. Amalemba dzina lake m'kati mwa chikuto, pansi pa mayina a amene analigwiritsa ntchito kale, n'kulipereka kwa munthu mmodzi yekha amene wamusankha. Wolandirayo akakhoza amanyamula mtolo wa mizu ya yaqona, yopangira chakumwa cha pamwambo, kukathokoza mwini dzina lomaliza, kulikonse kumene ali. Makope abwino ankadutsa m'manja ambiri, ndipo anthu ankadana chifukwa cha iwo.

Koma m'kati mwa chikuto cha kope ili munali momata ndi pepala la kalendala. Kitione anati mvula inaononga mayinawo.

"Lomaliza ndi langa, usavutike," anatero. "Yaqona sindifuna. Udzandithokoze ndi mtima wako."

Kope limenelo linali lodabwitsa! Zinthu zimene mphunzitsi wathu, Mayi Goundar, ankathera maola awiri akujambula pabolodi ife tili kukamwa yasa, m'kopemo zinali m'mizere isanu. Mivi yonse yosonyeza kuti ichi chachoka apa chapita apo inali ya mitundumitundu. Malemba ake anali aang'ono, opendekera kumanja, aukhondo.

Koma chimene chinamugwetsa Ulamila si miviyo. M'mphepete mwa masamba munali timawu ta inki yobiriwira.

"Usagonje, mtima wanga. Tsamba ili ndi loopsa maonekedwe okha."

Patsogolo pang'ono: "Ukamvetsa apa, ndikuphikira nkhanu za mu mkaka wa kokonati."

Pamutu umene tonse tinkalirira: "Apa ngakhale ine ndinalira. Pumira, imwa madzi, uyambirenso. Ndimakukhulupirira."

Atamufunsa, Kitione anayang'ana pansi ngati wamanyazi, n'kunena kuti analemba zonsezo tsiku lomwe anakumana lija. Ulamila anaona kuti inkiyo inali yofwifwa, koma Suva ndi wachinyezi, chilichonse chimafwifwa. Munthu akafuna kukhulupirira, zifukwa amadzipezera yekha.

Chikondi chinayaka ngati moto wa m'munda wa nzimbe. Foni ya Ulamila sinkapuma.

"Kachinkhwe kanga ka ku Kadavu, wadya?"

"Wawerenga masamba angati lero? Lililonse ndikulipira ndi kupsompsona kumodzi."

"Disembala ikafika ndibwera kwanu ndi amalume anga, tabua ili m'manja. Bambo ako akonzeke."

Uthenga wa tabuawo Ulamila anauwerenga mwina kakhumi. Mwamuna satchula dzino la nangumi lofunsira mbeta ngati akuseweretsa mwana wa eni. Iye anatero mumtima mwake.

Chinthu chimodzi chokha chinkamudabwitsa. Akafunsa funso la Kemisitiri, Kitione sankayankha ndi pakamwa. Ankangoti, "Zili m'kopemo, fufuza wekha, ndi mmene umakhwimira," kenako n'kupita kukagula mkate wa roti ndi tiyi. Ulamila ankati ameneyo ndiye mphunzitsi weniweni, sapatsa mwana zotafunatafuna.

Tsiku lina anapeza mawu akuti, "Tonse awiri tikukunyadira." Anafunsa kuti wachiwiriyo ndani. Kitione anakhosomola, n'kudzigunda pachifuwa.

"Ine ndi mtima wanga."

Ulamila anaseka mpaka woyang'anira laibulale anawatulutsa.

Mayeso achiwiri anapeza 58. Achitatu 74. Anzake a m'kalasi anayamba kumulonjera mwaulemu, ena kumufunsa ngati agogo ake amutumizira kanthu kuchokera kumudzi. Iye ankangomwetulira. Pamene mutu unkazungulira, maso akuwawa, ankatsegula tsamba lililonse n'kuwerenga ta m'mphepete tija. Kunena zoona, ankakonda Kitione wa m'kope kuposa Kitione wa pafoni. Wa pafoni anali wokoma pakamwa, koma wa m'kope ankadziwa pamene munthu amatopera.

Zotsatira za mayeso omaliza zinakhomedwa Lachinayi masana. Anthu anali kukankhana pabolodi, ena akulira, wina atakhala pansi m'matope osamva chilichonse. Ulamila anatsatira manambala ndi chala. Anali wakhoza, ndipo anali wachitatu pa kalasi yonse!

Anaimbira Kitione akulira. Iye anakuwa ndi chimwemwe, koma kenako anatsitsa mawu. Anati kopelo asapite nalo pagulu, alisunge likhale chikumbutso cha awiriwo. Ulamila anavomera pakamwa pokha. Akanalephera bwanji kukaonetsa Mayi Goundar chida chimene chinamupulumutsa?

Mayi Goundar sankaseka wamba. Koma atangotsegula kopelo nkhope yawo inawala.

"Aa, kope la Vasemaca! Walitenga kuti?"

"Ndi la Kitione, mayi."

"Mwana iwe, malemba awa ndingawadziwe ngakhale mumdima. Vasemaca Naivalu. Pa zaka makumi awiri sindinaphunzitsepo mutu ngati umenewuja. Pano akugawa mankhwala pachipatala ku Labasa, pachilumba china." Anatsegula tsamba lina, n'kupukusa mutu. "Kitione ndi mwamuna wake. Analephera phunziro langa katatu, koleji inamuchotsa chaka chatha. Kodi akadali m'tauni muno?"

Makutu a Ulamila anali kulira ngati wamira m'madzi. Mwamuna wake? Katatu?

Anatuluka osatsazika. Anakhala pamasitepe, n'kuzula chipini cha m'tsitsi, n'kuyamba kumatula pepala la kalendala lija pang'onopang'ono. Mvula sinaononge kanthu. Mayina anali asanu, oonekera bwinobwino, ndipo lomaliza linali la Vasemaca. Pansi pake, ndi inki yobiriwira ija:

"Kwa mwamuna wanga Kitione. Ndakulembera m'mphepete monse kuti usamakhale wekha powerenga. Ulendo uno ukhoza. Ine ndi Inoke wathu wakhandayu tikudikira."

Tonse awiri tikukunyadira!

Anabwereza mawuwo mokweza, anthu odutsa n'kumamuyang'ana. Miyezi inayi yonse wakhala akulira, kuseka, kugona atakumbatira makalata a mkazi wina opita kwa mwamuna wake. Nkhanu zija sizinali zake. "Mtima wanga" uja sanali iye. Manyazi anamugwira mpaka kumapazi, ndipo mkwiyo unabwera pambuyo.

Kitione anamupeza pomwepo, atanyamula maluwa. Ataona chikuto chomatulidwa, maluwawo anatsika okha.

Sanakane. Anati anaopa kuuza Vasemaca kuti wachotsedwa, choncho m'mawa uliwonse ankasita malaya n'kubwera kudzazungulira pakoleji, masana n'kukamata matayala kwa amalume ake. Anati kopelo linkamuwotcha m'manja, sankatha kulitsegula. Anati ataona Ulamila pa siteji paja anafuna kuti lithandizeko wina, zinazo zinangobwera zokha.

"Nanga tabua?" anafunsa Ulamila. "Nayonso inangobwera yokha?"

"Kachinkhwe kanga..."

"Usanditchule choncho."

"Koma wakhoza, si choncho? Popanda ine bwenzi ukukwera sitima mawa."

"Popanda iwe?" Ulamila anatsegula kopelo pakati n'kumulozera muvi umodzi. "Tandiuza, uwu ukuchokera pati, ukupita pati?"

Kitione anauyang'ana muviwo nthawi yaitali. Kenako anagwada pamasitepe pomwepo, anthu akuona, n'kupempha chinthu chimodzi chokha: asamuuze Vasemaca.

Ulamila sanalonjeze kanthu. Anatenga cholembera, n'kulemba dzina lake pansi pa la Vasemaca.

Masiku atatu sanatuluke m'chipinda. Mnzake wogona naye anamuuza kuti aponye kopelo m'nyanja, akwere sitima ya kwawo, akavine ndi abale ake, za eni azisiye. Mwina ambirife tikanatero. Koma Ulamila ankati akatseka maso amaona timalemba tating'ono tija, n'kuganiza za mkazi amene ankalemba ndi dzanja limodzi, lina litanyamula khanda. Amene anamutulutsa m'Manda si Kitione. Ndipo mwambo sunena kuti uzithokoza pokhapokha zikakhala zokoma.

Lolemba anagula mtolo wa yaqona kumsika. Ulendo wa ku Labasa ndi wa tsiku lathunthu: basi, sitima, basinso. Mauthenga a Kitione ankalowa njira yonse.

"Ndimakukonda zoona, Mulungu ndi mboni."

"Chonde usaphwanye banja langa."

Mauthenga awiriwo anabwera motsatizana, ndipo Ulamila anazimitsa foni.

Anagona kwa azakhali ake okhala ku Labasa komweko, m'mawa n'kupita kuchipatala kuja. Anadikira mzere wa odwala uthe. Pazenera la mankhwala panali mayi wamfupi wa magalasi, akulemba pa kabotolo. Ulamila sanafunikire kufunsa dzina. Malembawo anali aang'ono, opendekera kumanja.

Anaika mtolo wa yaqona pazenerapo, kenako kope lobiriwira.

Mayiyo anagwira pakamwa. Cholembera chinagwa.

"Akhoza? Bambo a Inoke akhoza?"

Asanayankhidwe anali atatuluka kale pakhomo la m'mbali, n'kumukumbatira Ulamila mwamphamvu, akulira ndi kuseka. Anati anadziwa, anadziwa ndithu kuti ulendo uno zitheka. Anati ndiye kuti alipereka kwa inu tsopano, mwachita mwayi achemwali, koma n'chifukwa chiyani munthuyo sanaimbe, akufuna kundidzidzimutsa eti? Anaitana anzake a ntchito kuti abwere adzaone dzina la mwamuna wake.

"Dikirani, achemwali," anatero Ulamila, koma mayiyo sanamve.

Vasemaca anatsegula chikuto. Anaona zipsera za guluu m'mbali monse, ndi tizidutswa ta kalendala totsalira pa mawu ake. Chala chake chinatsika pa mayina aja, chinadutsa lake, chinaima pa lomaliza. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

Anzake aja anabwerera m'kati mmodzimmodzi.

"Dzina la mwamuna wanga palibe," anatero motsitsa. Anayang'ana yaqona, kenako anayang'ana Ulamila kumaso, nthawi yaitali. "Inu ndinu ndani?"

Ulamila anali atakonza mawu ambiri pasitima paja, koma onse anathawa. Misozi inatsika yokha.

"Ndine amene ndakhala ndikuwerenga makalata anu," anatero. "Onse, mpaka lomaliza. Iye sanawerengeko ngakhale limodzi."