Maso a Munthu Sawala

Linali Lachitatu, ndipo mvula inali itakata msanga. Nditatha pemphero la dzuwa litalowa, ndinakhala pakhonde n'kumamanga nsapato. Apongozi anga anatulukira ndi mbale ya nthochi zokazinga, n'kuiika pansi osandiyang'ana.

"Mawa tikwera boti la sikisi koloko," anatero. "A kadhi sadikira munthu. Wamva, Masnih?"

"Ndamva, amayi."

"Wamva ndi khutu liti? Mwezi watha unatinso wamva, kutacha mutu unakupweteka."

Zoona, mutuwo unali wabodza.

Mwamuna wanga Sapri analowa m'nkhalango zaka zinayi zapitazo, kukaona ngati njira ya alendo inali itauma madzi a mtsinje wa Kinabatangan ataphwa. Sanabwerere kwa ine ndi mwana wathu Nurin. Anamufuna masabata atatu, apolisi, agalu, mudzi wonse, koma sanapeze ngakhale nsapato imodzi. Chichokere tsiku limenelo ine sindinali wamasiye, sindinalinso wapabanja. Tsono zikakwana zaka zinayi, mkazi amatha kupita kubwalo la chipembedzo kutauni, kukalumbira pamaso pa a kadhi, oweruza a kumeneko, kuti sanamve mbiri kapena kuona chizindikiro choti mwamunayo ali moyo. Akatero amamulengeza kuti anamwalira. Apongozi sankandida ayi. Ankangofuna kumuchitira sadaka mwana wawo iwo asanatsikire kuli chete, ndipo chifuwa chawo chinali chikuwauza kuti afulumire.

Ine lumbirolo sindinkalifuna. Ndinkamusowa mwamuna uja, abale, kumusowa kopweteka m'mafupa.

Ntchito yake yoyendetsa alendo ndinaitenga ine. Anthu ankati ndine mkazi wolimba mtima. Kulimba kwake kuti? Alendo ankalipira kuti aone nyama, ine ndinkalowamo kukafuna munthu.

Madzulo amenewo alendo anali awiri okha, nkhalamba zochokera ku Holland, a Ruud ndi akazi awo a Anneke. Ulendo wake ndi waufupi, ola limodzi ndi theka. Ine ndimatsogola, mlamu wanga Jikrin, mng'ono wake wa Sapri, amatseka kumbuyo.

Pamathero pa kanjira ka matabwa kochokera kumalo ogona alendo ndinawauza malamulo, monga ndichitira masiku onse. M'nkhalango sitiitanana mayina. Ukafuna mnzako umagogoda muzu wa mtengo ndi chikwanje. Ukamva mawu akukuitana, usayankhe. Ukamva fungo lachilendo, usalitchule. Eni nkhalango sakonda munthu wa pakamwa.

A Ruud anaseka, a Anneke anawagunda ndi chigongono.

"Alamu," anatero Jikrin m'chinenero chathu, "lero mutipezere kanyama kenikeni. Dzulo munangowaonetsa anthu misundu."

"Misundu yomwe imakukana iweyo? Magazi ako ndi fodya yekhayekha."

"Ndiye mankhwala ake amenewo."

Tinalowa. Pansi panali matope, masamba akudonthabe. Nyenje ndi achule anali pampikisano. Ndinaonetsa alendowo kagwiridwe ka tochi, monga anandiphunzitsira Sapri tisanakwatirane. Suigwira m'chiuno ngati ukufuna ndalama yogwa. Umaitsamiritsa m'mbali mwa diso, kuti kuwala kukagunda maso a nyama kubwerere kwa iwe. Akangaude amanyezimira ngati timagalasi tosweka. Ng'ona imafiira. Fungwe amabiriwira.

"Nanga munthu?" anafunsa a Ruud.

"Munthu sawala. N'chifukwa chake mnzako akasochera, tochi sikuthandiza."

Iwo pompo anaunika akazi awo kumaso. "Zaka makumi anayi ndi chimodzi tili limodzi, ndipo sawala!"

A Anneke anawamenya paphewa, kenako anawagwira dzanja n'kumayenda choncho m'kanjira kopapatiza, movutikira, osafuna kusiyana. Ndinatembenuka msanga. Nsanje inandigwira, sindibisa.

Tinaona kambalame katagona panthambi katadzitukumula. Tinaona chule wobiriwira. Tinaona fungwe akudya nkhuyu pamwamba, a Ruud n'kumujambula kakhumi konse. Tinali titayenda mwina mphindi makumi anayi, titayandikira kamtsinje komwe timabwererapo.

Nyenje zinasiya.

Sizinasiye pang'onopang'ono ayi. Zinangoti zii, ngati wina watseka chitseko. Achule nawonso. Ndinamva madzi akudontha, ndi kupuma kwa a Ruud.

Kenako kutsogolo, tsidya la kamtsinje, kunamveka kugogoda pa muzu.

Go, go. Go.

Aliyense woyendetsa alendo ali ndi kagogodedwe kake. Ine ndimamenya katatu mofulumira. Jikrin amamenya kamodzi, ulesi. Kawiri, kupuma, kenako kamodzi, anali munthu m'modzi yekha pamtsinje wonse.

Ndinacheuka. Chikwanje cha Jikrin chinali m'chimake. Nkhope yake inali itatuwa.

"Ndi mbalame?" ananong'ona a Ruud.

"Inde, mbalame," ndinatero.

Fungo linafika pambuyo pake. Mafuta a kokonati osakaniza ndi ndimu, amene ndinkamupangira Sapri ndekha odzola m'tsitsi. Botolo lake lomaliza ndinali nditalisunga pansi pa zovala mpaka fungo linatha. Tsopano linali pano, latsopano, ngati wangodzola kumene.

Ndinaluma mlomo. Jikrin anayang'ana pansi.

"Mmm, kukununkhira bwanji!" anatero a Anneke. "Ndi duwa lanji limeneli?"

"Alamu, tiyeni tibwerere," anatero Jikrin. "Pompano."

Koma ine tochi inali kale m'mbali mwa diso. Ndinayamba pansi, monga mwa ntchito. Madzi. Matope a tsidya lija. Mizu ya mkuyu waukulu, yotalika ngati zipupa. Ndinakweza.

Maso awiri.

Sanali pansi ngati a mphoyo, sanali m'nthambi ngati a fungwe. Anali pa msinkhu wa munthu woimirira. Ankawala moyera, osaphethira. Mtunda wake unali wa mapazi khumi basi.

Pansi pa masowo panali malaya achikasu. Thumba lake la pachifuwa linali losokedwa ndi ulusi wakuda, poti tsiku lomwe ndinkalisoka wachikasu unali utatha, ndipo iye anandiseka sabata yathunthu. Nkhope inali yomweyo. Ndevu sizinamere. Sanaonde, sanakalambe. Nkhalango yonse inali chinyontho chokhachokha, koma malayawo anali ouma.

Ndipo masowo ankawala.

Ine ndimadziwa ntchito yanga. Ndinali nditangonena kumene ndi pakamwa panga. Mutu unkati chimenecho si munthu, thawa. Mtima unkati taonani, tsitsi wapesera kumanzere monga mwa masiku onse.

Ndiye ndinachita chopusa. Ndinazimitsa tochi, kuti ndisaone masowo.

Mu mdimamo analankhula. Mawu ake omwe aja, otsika, onga munthu amene wangodzuka.

"Mayi a Nurin. Mpunga wapsa?"

Zaka zinayi ndinkakonza zodzamuuza. Ndinkati ndidzamutukwana. Ndinkati ndidzamuuza kuti mwana amene anamusiya akukwawa tsopano amawerenga. Zonse zinauluka. Lamulo lomwe ndimaphunzitsa alendo nalonso linauluka.

"Unapsa kalekale," ndinatero. "Ndinakusungirani."

"Bwerani, mudzaone kuno."

Sindikumbuka ndikuyenda. Ndimangokumbuka madzi ozizira akundifika m'mawondo, ndi dzanja likundigwira mkono kumbuyo mwamphamvu. Jikrin anali asanandikhudzepo chikhalire.

"Alamu, mwana ali kunyumba! Mwana ali kunyumba!"

Nthawi yomweyo kunachita ng'anii! A Ruud anali atajambula, poganiza kuti tapeza nyama yosowa. Maso anga anachita chidima. Ndinamva mapazi tsidya lija akuchoka, osathamanga, pang'onopang'ono, ngati munthu amene wakhumudwa. Nditayatsa tochi panali mkuyu wokha. Nyenje zinayambiranso.

Mawu amene ndinawalalatira a Ruud sindingawabwereze. Mwayi wake sankamva chinenero chathu.

Tinabwerera. Titawasiya alendowo, ndinamugwira Jikrin malaya.

"Wamuona."

"Ndangoona maso, alamu. Mwina kadzidzi."

"Kadzidzi wofunsa mpunga? Nanga ukulira chiyani?"

Anapukuta nkhope ndi chipewa n'kuchokapo.

Sindinagone. Chakum'bandakucha ndinakumbukira kamera ija, ndipo ndinadzuka ngati ndalumidwa. Ngati malaya aja analimo, ndiye chizindikiro chimenecho. Ndikanachiika patebulo pa a kadhi, ndipo palibe akanandilumbiritsa. Komanso, ndinene zoona, ndinkangofuna kumuonanso. Chithunzi chake chokha chimene ndinali nacho ndi cha pa chitupa, wakwinya nkhope ngati wakuba.

Ndinathamangira kumalo ogona alendo nditangodzifunda nsalu. Ndinawapeza awiriwo pakhonde akumwa khofi, akudikira anyani a mphuno zazitali kuti adzuke m'mitengo.

"Chithunzi chomaliza cha dzulo chija, mungandionetseko?"

"Aa, pepani," anatero a Ruud. "Ndinachifufuta ndisanagone. Sichinatuluke bwino. Nyamayo sinaoneke n'komwe, munthu wanu uja anaitchinga."

"Munthu wanga uti? Mlamu wanga anali kumbuyo kwanu."

"Ayi, winayo. Wa malaya achikasu. Ndimayesa ndi mlonda wa m'nkhalango."

Ndinagwira chipilala cha khonde. Ndinawapempha afufuzenso. Anafufuza, anthu abwino, anabwereza kawiri. Fungwe, fungwe, chule, fungwe. Palibe.

"Ankaoneka bwanji?" ndinafunsa.

A Ruud anakweza mapewa. Amene anayankha ndi a Anneke, atandiyang'ana nthawi yaitali.

"Sankayang'ana kamera, mwana wanga. Ankayang'ana iwe."

Kugombe boti linaliza hutala. Apongozi anali atakhala kale m'menemo, atavala mpango wawo woyera wa pa Idi, akutsokomola. Njira yonse anandigwira dzanja. Dzanjalo linali lopepuka ngati kamtengo kouma.

Kubwalo kuja a kadhi anali munthu wofatsa. Anandifunsa ngati m'zaka zinayizi ndinamvapo mbiri iliyonse, kapena kuona chizindikiro chilichonse, choti Sapri ali moyo. Ndikanati chiyani? Kuti ndamuona dzulo, koma maso ake amawala? Ndinayang'ana mayi ake. Anali atatsinzina, akupemphera chamumtima.

"Palibe," ndinatero. Ndipo ndinalumbira.

A kadhi analemba, anadinda, kenako anandikumbutsa chimene ndinkachidziwa bwino koma sindinachiganizire. Mkazi wamasiye amakhala miyezi inayi ndi masiku khumi akulira mwamuna wake. Masana atha kutuluka pakakhala chofunika. Dzuwa likalowa, azikhala m'nyumba.

Ndi pakamwa panga ndinali nditadzitsekera kunja kwa nkhalango.

Sadaka inachitika, mbuzi ziwiri zinagwa, apongozi anagona tulo koyamba. M'mudzi nkhani inayenda, poti oyendetsa maboti sasunga kanthu. Ena amati Sapri anatengedwa ndi anthu obisika a m'nkhalango, anamukwatitsa komweko, ndipo maso ake asanduka ngati awo. Ena amati sanali iye konse, chinali chinthu chobwereka nkhope, ndipo ndikanaoloka kamtsinje kaja Nurin akanakhala wopanda mayi. Amanong'ona ndikamadutsa popita kukagula sopo, ngati ndilibe makutu.

Lero ndi tsiku la makumi asanu ndi limodzi chilumbirire. Amene akutsogolera alendo ndi Jikrin. Madzulo aliwonse ndimakhala pawindo n'kumaona matochi awo akulowa m'mitengo, kenako akutuluka. Sabata yatha ndinazindikira kuti akutuluka msanga, ola lisanakwane. Dzulo ndinamuitana akudutsa.

"Iwe, ukuwabera anthu. Bwanji sukufika nawo kukamtsinje?"

Anaima pansi pa masitepe, akutembenuza chipewa m'manja. Waonda mnyamata uja.

"Njira yaipa, alamu."

"Mvula sinagwe masiku khumi. Usandinamize."

Kenako anayankhula, osakweza mutu.

"Achimwene amakhala ataima pomwe paja. Tsiku lililonse amandifunsa kuti bwanji simukubwera. Ine sindiyankha, alamu, ndimasunga lamulo. Koma tsiku lina ndidzayankha. Ndidzawauze kuti chiyani? Kuti munalumbira?"