Mphete ya Agogo M'kamtsinje ka Golide

Kerensa anali ndi kabotolo kakang'ono. Kabotoloko kanali kopanda kanthu. Iye ankalakalaka chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuikamo golide wodzipezera yekha.

Tsiku lina Loweruka, Agogo a Trembath anatenga Kerensa ndi mlongo wake Jago. Anapita nawo ku mudzi wamakedzana wa ku Ballarat. Mudziwo anaumanga kuti anthu azionerako moyo wa okumba golide akale. Muli matenti ndi ngolo za akavalo. Ogwira ntchito m'menemo amavala zovala zakalekale.

Unali mwezi wa Julaye, ndipo kunja kunkazizira. Mphepo inkagwedeza mitengo ya bulugamu.

"Tiyambe tagula maswiti ofiira aja," anatero Jago.

"Iwe umangoganiza za m'kamwa," anayankha Kerensa. "Agogo, tiyeni ku kamtsinje."

Pa kamtsinje panali ana ambiri. Panalinso abambo a ndevu zazitali ndi chipewa chachikulu. Abambowo ankagawa mbale zachitsulo.

"Tamverani lamulo la pano!" anafuula abambo a ndevu. "Golide amene wapeza ndi wako! Palibe wokulanda!"

Ana onse anaomba m'manja. Kerensa anaomba kuposa onse.

Agogo anavula mphete yawo. Inali mphete yonenepa, yowala.

"Madzi ozizira amachepetsa chala," anatero Agogo. "Mphete imavuka osadziwa. Undisungire, mdzukulu wanga. Golide wake ndi wa m'nthaka yomwe ino. Anamukumba agogo a agogo anga."

Kerensa anaika mpheteyo m'thumba.

Agogo anagwada movutikira. Anatapa mchenga m'mbale. Anaonetsa adzukulu awo kapetedwe kake. Posakhalitsa maondo anayamba kuwawa. Agogo anakakhala pa chipika, manja ali m'khwapa.

Kerensa anapisa dzanja m'thumba. Mphete inalimo. Anaitulutsa kuti angoiona. Kenaka anaivala ku chala chachikulu. Inali yokhwepa, koma inkakongola.

Kumtunda kunalira ng'oma. Asilikali a majekete ofiira ankachita chionetsero chawo. Anakweza mfuti zawo m'mwamba.

Phuu!

Kerensa anadzidzimuka. Dzanja linagwedezeka.

Chubwi!

Kerensa anayang'ana chala. Mphete panalibe. Anayang'ana m'madzi. Madzi anali amatope okhaokha.

Kerensa anatola mbale yake. Anatapa mchenga msangamsanga. Anagwedeza mbale msangamsanga. Mchenga wonse unatayika. M'mbale munalibe kanthu.

Anatapanso. Anagwedezanso. M'mbale munalibe kanthu.

Kunafika ana ena. Abambo a ndevu anawapatsa mbale.

"Golide amene wapeza ndi wako!" anafuulanso. "Palibe wokulanda!"

Ulendo uno Kerensa sanaombe m'manja. Anayang'ana uku, kunali mbale. Anayang'ana uko, kunali mbale. Mbale iliyonse inkatapa mchenga m'kamtsinje momwemo.

"Bwanji nkhope ngati wadya ndimu?" anafunsa Jago.

Kerensa anamunong'oneza.

"Mayo ine!" anatero Jago. "Mphete ya Agogo? Lero waziona."

"Usandiseke, Jago."

"Sindikuseka ayi. Kanene msanga, wina asanaitole."

Chipika cha Agogo chinali pafupi. Koma Kerensa anachiona ngati chili kutali. Anapita kukaima pamaso pawo.

"Agogo," anatero ndi mawu aang'ono. "Ndinavala mphete yanu. Yagwera m'madzi."

Agogo anatambasula dzanja. Anayang'ana chala chawo. Pamene pankakhala mphete panali mzere wotuwa.

"Yagwera pati?" anafunsa Agogo.

"Pafupi ndi mwala uwo."

"Pukuta misozi," anatero Agogo. "Golide sathawa ndi madzi. Ndi wolemera, amakhala pansi phee. Maondo angawa akana kugwada kachiwiri. Upete ndiwe. Koma usapupulume, pakuti wopupuluma amataya golide pamodzi ndi mchenga."

Kerensa anabwerera pa mwala paja. Anatapa mchenga. Madzi ankaluma zala.

"Viika," anatero Agogo. "Gwedeza. Taya pang'ono."

Kerensa anaviika. Anagwedeza. Anataya pang'ono.

Miyala inachoka. Mchenga woyera unachoka. Panatsala mchenga wakuda wokha. Mphete munalibe.

"Bwereza," anatero Agogo.

Kerensa anaviika. Anagwedeza. Anataya pang'ono.

Pansi pa mbale panawala kanthu. Sinali mphete ayi. Kanali kagolide kakang'ono ngati kanjere ka mchenga.

"Wapeza!" anatero Jago. "Bweretsa botolo lija!"

Jago anathira madzi m'kabotolo. Anaikamo kagolide kaja. Koma Kerensa sanamwetulire. Maso ake anali m'madzi.

Mwadzidzidzi, kuseri kwa mwala kunamveka mfuu.

"Amayi! Amayi! Taonani chachikulu!"

Kanali kamtsikana ka majombo achikasu. Kanakweza dzanja m'mwamba. M'dzanjamo munali mphete ya Agogo.

Anthu anaomba m'manja.

"Ndikailande?" ananong'ona Jago.

"Ayi," anatero Agogo. "Kwathu sitilanda."

Kerensa anaika mbale pansi. Anazungulira mwala uja.

"Dzina lako ndani?" anafunsa.

"Ndine Suyin."

"Ine ndine Kerensa. Mphete imeneyo ndi ya agogo anga. Ndaigwetsa ndine."

Suyin anafumbata dzanja. Analibisa kumbuyo.

"Golide amene wapeza ndi wako," anatero Suyin. "Anena abambo a ndevu aja."

"Zoona," anayankha Kerensa. "Anaterodi."

Amayi ake a Suyin anawerama. "Suyin, mwana wanga," anayamba kulankhula.

Koma Suyin anapukusa mutu. "Nanga ine ndidziwa bwanji kuti ndi yawo?"

Mpheteyo inalibe dzina. Kerensa anacheukira kwa Agogo. Anaona dzanja lawo lili pa bondo.

"Tiye ukaone," anatero Kerensa.

Anapita onse pa chipika. Kerensa ananyamula dzanja la Agogo. Analoza mzere wotuwa uja.

"Apa ndiye kwawo kwa mpheteyo," anatero.

Suyin anayang'anitsitsa. Anayesa mphete ku chala chake. Inavuka. Anayesa ku chala china. Inavukanso. Kenaka anaiveka ku chala cha Agogo. Mphete inalowa pang'onopang'ono. Inaphimba mzere wonse.

"Yakwana," anatero Suyin.

"Zikomo, mayi wamng'ono," anatero Agogo.

Suyin anayang'ana mbale yake. Inali yopanda kanthu.

"Ndiye kuti ine sindinapeze kanthu," anatero.

Kerensa anagwira kabotolo kake. Anakagwira kanthawi ndithu. Kagolide kankazungulira m'madzi, waliwali.

"Golide uyu ndamupeza ndine," anatero Kerensa. "Ndiye kuti ndi wanga. Palibe wondilanda. Koma ndikhoza kupatsa amene ndafuna. Landira."

Suyin anakweza kabotolo m'mwamba. Anatsinzina diso limodzi.

"N'kakang'ono bwanji!" anatero.

"N'kakang'ono, koma n'ka m'kamtsinje muno."

Suyin anaseka. Anakumbatira kabotolo ndi manja onse.

Abambo a ndevu anali ataima pafupi. Anakanda ndevu zawo.

"Lamulo langa lija likufunika chigamba," anatero. Ndipo anavulira Kerensa ndi Suyin chipewa.

Agogo anagula maswiti ofiira aja. Onse atatu anauyamba ulendo wa ku chipata. Ngolo ya akavalo inawadutsa, gwede gwede.

"Iwe ndiye wolemera kwambiri," anatero Jago, switi ili m'tsaya. "Unabwera wopanda golide. Ukubwerera wopanda golide. Ndi botolo lomwe lapita."

"Golide ndili naye," anatero Kerensa.

"Ali kuti?"

Kerensa anakweza dzanja la Agogo. Anali ataligwira ndi manja awiri. Mphete inawala pakati pa zala zake.

"Uyu," anatero.

Kumtunda kunaliranso ng'oma.

"Gwiritsa ndithu, mdzukulu wanga," anatero Agogo akuseka. "Asilikali aja ayambanso."

Phuu!

Kerensa anadzidzimuka, koma dzanja la Agogo sanalisiye.