Golovesi la Katsabola

Kunyumba onse amamutcha Katsabola. Ndi kamtsikana kakang'ono, koma pakamwa pake sipatseka.

Katsabola ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kugwiranso pensulo.

Dzanja lake linali litapsa. Tsiku lina m'mawa anakoka ketulo patebulo. Madzi otentha anamutayikira padzanja. Amayi anathamangira naye pampopi. Anamuthira madzi ozizira nthawi yaitali. Kenako anapita naye kuchipatala.

"Mwachita bwino, mayi," anatero anamwino. "Madzi ozizira basi. Osapaka dzira. Osapaka mafuta."

Tsiku lililonse anamwino ankatsuka balalo. Tsiku lililonse adokotala ankaliona. Bala linapola.

Koma zala zinali zitauma. Katsabola anagwira pensulo. Pensulo inagwa. Anaigwiranso. Inagwanso.

Katsabola anangoti zii.

"Katsabola kukhala chete?" anadabwa anamwino. "Ndiye kuti zavutadi."

Adokotala anaitana amayi a mafizo. Amayi amenewa amaphunzitsa zala kugwiranso ntchito.

"Tambasula. Fumbata. Tambasula. Fumbata," ankatero. Kenako anati, "Khungu latsopanoli likufuna golovesi logwira bwino. Likapanda kuvala, likhakhala."

Anatsegula kabati. Magolovesi onse anali a akuluakulu. Anamuveka limodzi. Linalendewera ngati sokosi ya abambo.

"Tipanga bwanji?" anafunsa anamwino.

Katsabola anakweza dzanja labwinolo. "Itanani atelala a pafupi ndi kwathu. Amasoka chilichonse. Ngakhale diresi la chidole changa anasoka ndi iwo!"

Mawa lake atelala anabwera, tepi ili m'khosi. Anakanda mutu.

"Ine ndimasoka masuti ndi madiresi," anatero. "Golovesi sindinasokepo."

"Ifenso makina sitinapalasepo," anayankha amayi a mafizo. "Tiyeni tithandizane."

Adokotala analoza pamene panapsa. Amayi a mafizo anasankha nsalu yotamuka. Anamwino anagwirizira mkono. Atelala anayeza zala, chimodzichimodzi.

"Mukundigirigisha!" anaseka Katsabola.

Golovesi loyamba linathina kwambiri.

"Chala changa sichikupuma," anadandaula Katsabola.

Atelala anasokanso. Misoko anaiika kunja kuti isakande khungu. Lachiwirili linamukwana ndendende.

Katsabola anabwerera kunyumba. Tambasula, fumbata. M'mawa, masana, madzulo. Nthawi zina zala zinkawawa. Iye sanasiye.

Tsiku lina anagwira pensulo. Sinagwe! Anajambula dzanja lili pampopi. Anamwino anamata chithunzicho pakhoma la kuchipatala kuti makolo onse aziona. Atelala nawo anayamba kusokera ana ena magolovesi.

Anamwino anali atawalangiza abambo kuti aike kageti pakhomo la khitchini. Loweruka abambo anakakhoma. Kho! Kho! Kho!

Kamlongo kake ka Katsabola kanali katangophunzira kuimirira. Kanakwawa mpaka pakageti. Kanagwedeza. Sikanatseguke. Kanayamba kukwinya nkhope.

"Kumeneko ayi, bwana," anatero Katsabola. "Bwera kuno."

Anatambasula dzanja la golovesi. Mwana anagwira chala. Katsabola anafumbata kadzanja kake, gwa!

Mwana anaponya phazi. Anaponyanso lina.

"Amayi! Ababa! Akuyenda!" anakuwa Katsabola.

Abambo anaika hamala pansi. Amayi anagwada, manja ali tambasu.

"Musamunyamule," anatero Katsabola. "Ndamugwira ine."