Talo wa Agogo Pesamino

Nkhaniyi anandiuza Leata mwini wake titatuluka m'mapemphero, ndipo ndikuilemba monga ndinaimvera.

Leata anakulira m'banja la Chisamoa ku Logan, m'nyumba imene munthu sankagwira mbale chakudya chisanadalitsidwe. Tsiku loyamba ntchito kunyumba yosamalira okalamba, mayi ake anamukonza kolala nati, "Mwananga, cha nkhalamba usakhudze, ngakhale mwini wake ataiwala kuti n'chake."

Kumeneko kunali agogo Pesamino, Msamoa mnzake, munthu wanthabwala amene anali atayamba kuiwalaiwala. Mbatata yopota ya kukhitchini ankaikankha. "Phala la khanda ili! Mano ndili nawo atatu, onse ali pantchito." N'chifukwa chake Lamlungu lililonse mwana wawo Siniva ankabweretsa talo, chakudya chonga chinangwa, wophika mumkaka wa kokonati, n'kusiya mufiriji atalemba dzina pachivindikiro.

Renae, mnzake wapantchito, ndiye anayamba kutsegula. "Lawa iwe, usadzimane. Ngakhale uwadyetse, mawa anena kuti sanadye."

Leata analawa. Sabata yotsatira anadya theka. Mwezi usanathe, bakuli linkauma agogo osalawako.

"Ababa, talo uja anakoma?" Siniva ankafunsa.

"Sindinamuone."

Siniva ankangoti ndi matenda aja. Koma agogo anaonda, ndipo tsiku lina anagwa m'bafa chifukwa chofooka. Leata sanalekebe.

Lamlungu lina Siniva anabwerera kudzatenga chikwama chimene anaiwala, n'kuwakankha bambo ake panjinga ya olumala kudutsa pachipinda cha antchito. Leata anali ndi talo m'kamwa, chivindikiro chili pambali.

"Ima pomwepo!" anatero agogo. "Mwana uyu tsiku lililonse amadya osapemphera. Tseka maso, iwe, tidalitse."

Anadalitsa chakudya chawo chomwe, Leata misozi ili chuchuchu.

M'mawa mwake makolo a Leata, atamva zimene anachita, anamukhazika paudzu kunja kwa nyumba ya okalamba ija, atamufunditsa mkeka wopepesera monga mwa mwambo wathu wa Chisamoa. Anakhala padzuwa chowerama mpaka Siniva anabwera n'kuuvundukula, kusonyeza kuti wamukhululukira.

"Dzuka, mng'ono wanga. Kuyambira lero supuni ya ababa uzigwira ndiwe."

Abwana a kuntchito anamupatsa Leata chenjezo lomaliza. Lero agogo masaya abwerera, ndipo akamuona Leata amakuwa, "Wolawa wanga wafika! Wapemphera?" Chipinda chonse chimafa ndi phwete, Ambuye alemekezeke.

Inu achinyamata, musamubere munthu poti sangakumbukire. Leata anapeza mkeka agogo akadali moyo. Ena amaufuna mwini talo atapita kale.