Nyali Yofiira ya Mlosi

Mlosi anali makina a diso limodzi lagalasi amene anaikidwa pakhomo pa chipinda cha ana onyentchera m'chaka cha 2071. Sankakhudza mwana ayi. Ankaona nsapato za mayi ndi chitenje chake, n'kufunsa za denga la nyumba ndi za maliro a pabanja. Akaganizira kuti mwana angakhale ndi kachilombo ka HIV, ankayatsa nyali yofiira ndipo kabati ya zoyezera magazi inkatseguka. Ikayaka yobiriwira, landirani chiponde, kazipitani. Ati nzeru zimenezo!

Esinati anafika atabereka Lonjezo, mwana wa malemu mkulu wake, mapazi a mwanayo atatupa ngati mikate. Nsapato ndi chitenje anabwereka kwa mnansi, pakuti ndani amapita kuchipatala atavala sanza?

"Mayi wobala mwanayu ali moyo?" anafunsa Mlosi, mawu ake ngati wailesi ya pamsika.

Mzere wonse unatchera khutu. Lonjezo nayenso anasuzumira kuchokera kumbuyo. Mwanayu anasiyidwa ali wakhanda, ndipo kwawo mwana sauzidwa za umasiye pagulu.

"Chitsulo chopanda mwambo iwe!" anakalipa Esinati. "Ndine ndemwe. Ukufuna chiyani?"

Nyali yobiriwira inayaka. Esinati anachoka monyada, atachigonjetsa chinthucho.

Chiponde chinatha koma mwana osasintha. Chifuwa chinakula, mkamwa munatuluka zilonda. Esinati anabwereranso, mantha atamugwira, napita kwa namwino.

"Anamwino, muyezeni magazi mwanayu, chonde."

"Mayi, kabati simvera ine," anayankha namwino mosayang'ana n'komwe. "Kakambiraneni ndi Mlosi."

Esinati anavula nsapato zobwereka zija n'kuziponya pa diso lagalasi, phwa!

"Imva tsono, mfiti iwe! Denga ndi laudzu, likudontha. Mayi wake anamwalira atadwala nthawi yaitali, bambo wake chimodzimodzi. Wakhuta?"

Nyali yofiira inayaka, kabati n'kutseguka. Magazi anaonetsa kachilombo, ndipo mankhwala anaperekedwa tsiku lomwelo. Namwino anati mwanayo akhala bwino.

Pobwerera kwawo Lonjezo anali kumsana. Atafika pa mlatho anafunsa motsitsa mawu.

"Nanga inuyo ndinu ndani?"

Esinati anaima, misozi ili chuchuchu. Anatukwana Mlosi ndi onse amene anamupanga, koma funsolo linakhalabe pamsana pake.

Makina aja anapulumutsa moyo wa mwana, koma malipiro ake anali mayi yekhayo amene mwanayo ankamudziwa.