Kamphepo Ayala Miyala

Uyu ndi Kamphepo. Anamutcha choncho chifukwa sayenda, amangothamanga.

Kamphepo ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti bambo ake azituluka panja.

Bambo ake anali ndi miyendo yofooka. Ankayendera chikuku. Koma pakhomo panali matope. Matope apa, matope apo. Mateyala a chikuku ankatitimira.

"Palibe kanthu, mwanangu," anatero bambo. "Ndizingoonera pazenera."

Kamphepo sanakondwe nazo.

Tsiku lina amayi ankalima kuseri kwa nyumba. Khasu linagunda mwala. Ngwe!

"Miyala imeneyi yanditopetsa," anadandaula amayi.

"Amayi, ndipatseni ine!" anatero Kamphepo.

Ananyamula mwala. Anauponya pamatope. Ananyamula wina. Anauponyanso. Kenako anaponda kuti ayese. Mwala unagubuduka. Kamphepo anagwa chagada m'matope. Phwa!

Bambo anali kuyang'ana ali pachitseko. Anaseka mpaka misozi.

"Mwala wobulungira sukhazikika," anatero. "Uli ngati iwe. Sankha yophwatalala."

Kamphepo anasankha yophwatalala. Amayi anabwera ndi fosholo. Anachotsa matope onse. Anatuta mchenga pa wilibala. Kamphepo anausalaza ndi thabwa.

Anayala mwala woyamba.

"Uponde tione," anatero bambo.

Anauponda. Gwede, gwede.

"Ukugwedera, bambo."

"Unyamule. Thira mchenga pansi pake."

Anathira mchenga. Anaupondanso. Mwala unangoti nji!

Anayala wina pafupi. Anayalanso wina. Kamchimwene kake kankatola timiyala. Tina kankaika m'mipata. Tina kankabisa m'thumba.

Ntchito inatenga masiku ambiri. Manja a Kamphepo anachita matuza.

"Ndatopa, amayi. Miyala siikutha."

"Pang'onopang'ono ndi mtolo," anatero amayi. Anamupaka mafuta m'manja. M'mawa mwake Kamphepo anayambanso.

Tsiku lina mwala womaliza unalowa. Kamphepo anathira mchenga pamwamba. Anasesa mpaka mipata yonse inadzaza.

"Bambo, tiyeni panja!"

"Sindititimira?"

"Simutitimira. Ndapondaponda paliponse."

Kamphepo anakankha chikuku. Amayi anagwirira mbali. Mateyala anafika pamiyala. Gudu, gudu, gudu. Sanatitimire!

"Ndisiyeni ndiyende ndekha," anatero bambo.

Anapita uku. Anapita uko. Anazungulira pakati. Kamchimwene kanakwera pamiyendo pawo. Anazungulira nako limodzi.

Kenako kumwamba kunada. Mvula inayamba kuwaza. Dontho, dontho, dontho.

"Tiyeni tilowe, munyowa," anatero amayi.

"Ayi, dikirani kaye," anayankha bambo.

Anakweza nkhope. Anatseka maso. Madontho anawagwera pachipumi ndi pamphuno.

"Ndinaisowa mvula," anatero chapansipansi.

Kamphepo anaima pafupi nawo. Anawagwira dzanja. Nayenso anakweza nkhope.

Amayi anapukusa mutu, akumwetulira. Anakoka mpando. Anakhala nawo pompo.

Onse ananyowa. Palibe anafuna kulowa.