Besi ya a Eneya

Izi ndikunena sindinazimve kwa munthu wina. Ndinaliko, ndipo a Jonasi, mphunzitsi wa kwaya yathu ya kwa Kaduya, akadali moyo, mukhoza kuwafunsa. A Goodman nawonso akadagulitsabe zipangizo za foni pamsika wa Migowi, ngakhale nkhani iyi safuna kuikamba.

Ine ndine Fyness. A Eneya anali achimwene anga, ndipo m'kwaya ndiwo ankaimba besi. Mawu awo anali akuti akatsika, benchi imanjenjemera. Anali ndi vuto limodzi lokha: pamene tonse timati "Mulungu", iwo amati "Muluku", monga ankayankhulira agogo athu. A Jonasi anayesa kuwakonza mpaka anatopa.

Chaka cha namondwe wa Freddy, madzi ndi miyala zitatsika m'phiri, a Eneya anapita kukaolotsa anthu pamtsinje. Anaolotsa ena, koma iwo sanabwerere. Tinafunafuna mpaka kumadambo a mpunga, osawapeza. Pamapeto pake tinaika thunthu la nthochi m'manda. Anasiya mkazi, alamu anga a Zelifa, ndi kamwana kakakazi, Praise.

Patapita chaka ndi miyezi, a Zelifa anayambanso kubwera kukwaya. Tinkakonzekera msonkhano wa makwaya, choncho a Jonasi anajambula nyimbo yathu yatsopano pafoni n'kutumizira aliyense kuti aziyeserera kunyumba. Nyimboyo inapekedwa a Eneya atapita kale. Mfundo imeneyi muisunge.

Tsiku la msika ndinapita nawo alamu anga ku Migowi. Titagula nandolo, anati tidzere kwa a Goodman chifukwa mahedifoni awo amavuta.

"Amalira ngati kachitini," anatero. "Ndiponso amangogwa m'khutu."

A Goodman anawayang'ana mahedifoniwo, kenako n'kuyang'ana khutu la alamu anga.

"Mahedifoni alibe vuto, mayi. Timphira ta kumapetoti n'tating'ono kwa inu. Mpweya ukamadutsa m'mbali, mawu okhuthala onse amathawira pomwepo, mumangotsala ndi oonda. Tiyeni tiike tokulirapo."

Anachotsa timphira takale n'kuveka tina. Anawauza kuti akoke khutu m'mwamba, alowetse, apotoze pang'ono.

"Phokoso la msika likazimiririka, ndiye kuti mwatseka bwino."

Alamu anga anachita momwemo, n'kuyatsa nyimbo ija. Poyamba anamwetulira. Kenako thumba la nandolo linagwa m'manja mwawo. Sanalitole.

"Alamu, n'chiyani?"

Sanandimve. Ndinawagwedeza phewa. Anachotsa hedifoni imodzi n'kundipatsa.

Ndinangoiika pamwamba pa khutu. Ndinamva ife tomwe, azimayi, mawu oonda, ndi phokoso la njinga zamoto kumbuyo kwanga.

"Lowetsani," ananong'ona.

Ndinakoka khutu, n'kukankha. Ndinatseka linalo ndi dzanja. Msika unazimiririka. Pansi pa mawu athu panabwera besi, yakuya, yodzaza mutu wonse. Inkaimba nyimbo yatsopanoyo bwinobwino, osalakwitsa. Titafika pa mzere wachiwiri, ife tinati "Mulungu".

Iyo inati "Muluku".

Ndinamva fungo la matope. Unali mwezi wa Ogasiti, fumbi lili paliponse.

A Goodman anaseka atationa nkhope. Titawafotokozera, anati mwina ndi munthu wina wa mawu ofanana. Anaika timphira tawo, namvetsera. Kuseka kunatha. A Goodman ankawadziwa a Eneya; achimwene angawo ankatchajitsa foni pomwepo.

"Pitani nazo kutchalitchi," anatero, osatiyang'ana.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa likadalipo, tinapita kwa a Jonasi. Anati tsiku lojambula, abambo a besi analipo a Amosi ndi a Nickson basi. Analumikiza foni ku sipika yaikulu ya tchalitchi. Tinamva a Amosi ndi a Nickson, mawu awo osakwana aja. Palibenso wina. Kenako anavala mahedifoni a alamu anga. Mahedifoniwo ali omasuka m'makutu, sanamve kanthu. Atakankha, anakhala pansi pa simenti, bambo wamkulu, n'kuyamba kupemphera mokweza.

Anafufuta nyimboyo pafoni yawo, pa ya alamu anga, ndi pa yanga. Tinaganiza kuti zatha.

M'mawa mwake ndinawapeza a Zelifa ali pakhonde, mahedifoni ali m'makutu. Moto unali usanakolezedwe. Praise anali kulira pafupi ndi mtondo.

"Mukumvera chiyani? Nyimbo ija kulibe."

Anandionetsa chingwe. Sichinali cholumikizidwa ku foni. Chimangolendewera pachifuwa.

"Asiya kuimba," anatero. "Pano akungopuma."

Sindinafune kumvera. Koma anali achimwene anga. Ndinalowetsa.

Panali kupuma. Kolemera, kwapang'onopang'ono. Kumbuyo kwake madzi ankadontha. Kenako mawu, pafupi kwambiri, ngati pakamwa pali m'kati mwa khutu langa.

"Kukuzizira kuno."

Ndinachotsa. Kamphira kanali konyowa. Pachala panga panatsala dothi lakuda.

Kuyambira tsiku limenelo alamu anga anasiya kupita kumunda. Akamadya, ankati kutafuna kumawasokoneza kumva, ndiye anasiya kudya bwino. Akangosuntha nsagwada, kamphira kamamasuka pang'ono ndipo mawu amathawa. Choncho anasiyanso kuyankhula. Ankakhala chete, zala zili pa mahedifoni, akukankha. Makutu anatupa. Anayamba kutuluka mafinya.

Tsiku lina anadzuka n'kunena kuti a Eneya awauza malo: pansi pa mwala waukulu, pomwe mtsinje unasintha njira. Amuna a m'mudzi anatenga makasu ndi mipiringidzo. Anakumba tsiku lonse. Anapeza lata lopindika ndi mphika wa munthu wina. Amunawo atabwerera, alamu anga anatchula mwala wina. Anakumbanso. Kenako wina. Amunawo anayamba kutizemba, ndipo sindinawaimbe mlandu.

Tinapita nawo alamu anga kuchipatala. Anawatsuka makutu, kuwapatsa mankhwala, n'kunena kuti asalowetsemonso kanthu. Abusa anabwera kudzapemphera. Amalume awo anabweretsa munthu wa zitsamba wochokera kutsidya la malire. Iye anangogwira mahedifoniwo, n'kuwaika pansi msanga.

"Awa si a munthu mmodzi," anatero. Ananyamuka osamwa ngakhale madzi.

Ndiye tinagwirizana kuti tiwalande mahedifoniwo. Amayi awo anawagwira manja, ine n'kuzula. Anakuwa ngati tawadula chiwalo.

"Mwawasiya okha! Ali mumdima, mwawasiya okha!"

A Jonasi anawatentha mahedifoniwo kuseri kwa nyumba. Timphira tinasungunuka, tikununkha. Tinaimba nyimbo ya chitamando. Alamu anga analira mpaka anagona.

Kwa masiku angapo zinaoneka ngati zayenda. Anadya phala. Anamusambitsa Praise. Ndinayamika Mulungu.

Loweruka lotsatira ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe. Anali atatseka makutu onse ndi zala, zolowa mpaka m'kati. Maso ali otseka. Akugwedeza mutu ngati munthu amene akuuzidwa nkhani.

Ndinawachotsa dzanja limodzi. Anandiyang'ana mopanda mkwiyo.

"Zala zimatseka bwino kuposa timphira," anatero. "Alamu, musavutike. Mutentha zala zanga?"

Ndinawasiya dzanjalo.

Pano a Zelifa amakhala kwa amayi awo. Amawadyetsa ngati mwana. Ena amati ndi misala ya chisoni, ndipo ine ndikanakonda zikanakhala choncho. Koma ndinamva ndekha, a Goodman anamva, a Jonasi anamva. A Jonasi anachotsa nyimbo ija pa zimene timaimba. Kumsonkhano wa makwaya sitinapite.

Praise ndinamutenga ine. Ali ndi zaka zinayi, ndipo bambo ake sawakumbukira. Ndimamuyang'anira kwambiri. M'nyumba mwanga mulibe mahedifoni, ndipo akasamba ndimamupukuta makutu ndekha.

Mwezi watha, masana, ndikusankha nandolo pakhomo, ndinamva kung'ung'udza kuchokera kuchipinda. Kunali kwakuya. Mbale zapashelefu zinkalira pang'onopang'ono.

Ndinaganiza kuti mwalowa mwamuna.

Ndinakankha chitseko.

Anali Praise, yekha, atakhala pamkeka. Tizala take tili m'makutu. Pakamwa pali potseka. Mawuwo ankatuluka m'kachifuwa kake.

Ndinamuitana. Sanamve.

Ndinagwada, n'kumuchotsa tizalato. Anatsegula maso n'kumwetulira.

"Anti," anatero ndi mawu ake aang'ono, "ababa akuti kumeneko kwaya yakwana. Akusowa aluto yokha."

M'kwaya yathu, aluto ndimaimba ine.